Kusaka gitala ya bokosi ku Mississippi

Lachitatu usiku, m'sitima

Ndikulemba pa foni sitima itangodutsa Kankakee, panja mdima bii, ndipo mayi wina pampando wakutsogoloku wayamba kale kuliza mkonono. Ndachoka ku South Bend, ku Indiana kumene ndimakhala, masana nditagona maola atatu okha poti usiku wathawu ndinali pa shifiti, ndakwera sitima ya South Shore mpaka Chicago, kenako wapansi chikwama kumsana kukafika ku Union Station. Sitima yakeyi dzina lake ndi City of New Orleans, imanyamuka cham'ma 8 usiku, mawa kukamacha tikhala tili ku Memphis.

Amene mumandidziwa mukudziwa kale matenda anga. Magitala. Osati onyezimira aja amapachika m'mashopu akuluakulu, ine anga ndi okhota khosi, ong'aluka pena, makamaka amene munthu anakhoma yekha kuseri kwa nyumba. M'kachipinda kathu alipo 7 ndipo madamu ananeneratu kuti ikalowa ya nambala 8 wina mwa awirife akagona m'galimoto, sanatchule kuti ndani. Ndanyamula madola 800 mu envelopu, a mashifiti owirikiza a mwezi wathunthu, miyendo mpaka pano ikudandaula.

Anandiyambitsa zonsezi ndi agogo ena aamuna amene ndinkawasamalira kuntchito, anatisiya chaka chatha. Kwawo kunali ku Mississippi cha ku Tutwiler, anabwera kumpoto ali mnyamata kudzagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ya Studebaker isanatsekedwe mu 1963. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandiuza kuti gitala yawo yoyamba inali khoma la nyumba. Ndimvekere agogo, mankhwala aja akukupwetekani eti? Iwo ayi mwana wanga, umamasula waya wa patsache, kukhoma msomali wina m'mwamba wina m'munsi pakhoma, kumanga waya uja, kenako kulowetsa kabotolo kunsi kwake kuti akungike, basi nyumba yonse yasanduka gitala. Amati diddley bow. Ine pompo mutu unathawira ku Bvumbwe, kwa amalume anga ndi banjo yawo ya chitini cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, imene ife ana tinkaiseka ndipo amayi ankati ndi ya anthu othawa khasu.

Nde ndikupita kukasaka yakale yeniyeni. Kaya ya bokosi la ndudu kaya ya thabwa chabe, bola ikhale yoti mwini wake anapanga chifukwa analibe ndalama yogulira ina.

Lachinayi, Memphis mpaka Clarksdale

Tafika kusanayere bwinobwino, kachisanu ngati ka June. Ndalowa m'kalesitilanti pafupi ndi siteshoni, mayi woperekera zakudya akungonditchula kuti bebi, ine bambo wa ana awiri ndi imvi kuchibwano kkkk. Ndadya grits. Musanamizidwe ndi dzina, ndi phala la misere ya chimanga, kungoti m'malo mwa shuga amathiramo batala ndi mchere. Pamodzi ndi mazira ndi khofi madola 11.

Galimoto ya hayala ndadikira maola awiri ndi theka, kampani yake sinditchula. Poyamba khadi langa alikana, titakonza zimenezo akuti galimoto akutsuka, ine mpaka ndinagona pampando kukamwa kuli yasa, wandidzutsa ndi mnyamata wokolopa.

Ndisanatuluke m'tauni ndinaima pa mashopu atatu a pinyolo. Kuno pinyolo ndi bizinesi ya layisensi, mfuti mbali iyi, mphete za ukwati mbali iyo, magitala kudenga. Pa yachitatu panali gitala ya Stella yakuda, mwini shopu amvekere mtundu uwu ndi umene ankaimba Charley Patton, katswiri wakale wa nyimbo za blues, ndipatse 350. Ndinasuzumira m'kati ndi tochi ya pa foni. Amene mungadzagwe m'matenda angawa mvetserani, dzina la Stella lili pawiri. Amene ankaimba akuluakulu a m'ma 1920 ndi 1930, monga ya nsambo 12 ya woimba Lead Belly ija, ankapangidwa ndi kampani ya Oscar Schmidt ku Jersey City, ndipo lero ukapeza yabwino mtengo wake ungagule kagalimoto ka sekondi handi. Mu 1939 dzinalo linapita kwa Harmony ya ku Chicago, amene anapanga ambirimbiri otchipa, mizere ya m'mbali yongojambula ndi penti. Iyi inali ya Harmony, ndipo Patton anamwalira mu 1934, nde akanaigwira bwanji. Ndili nayo kale yangati yomweyo, ndinagula 60 pakhomo pa munthu ku Mishawaka. Ndinangothokoza n'kutuluka.

Kenako Highway 61 kulowera kumwera, makilomita ngati 120. Ukangolowa Mississippi dziko limangoti see, ngati mmene zimakhalira ukatsika mapiri a ku Chikwawa kufika pa Thabwa, kungoti kuno kulibe mbuzi pamsewu, kuli zikwangwani za makasino a ku Tunica. Ndi nthawi yokolola thonje. Minda yoyera mbee mpaka pamene maso alekezera, m'mbali mwa msewu mabelo ozungulira okutidwa pulasitiki wachikasu, lililonse lalitali kuposa ine, ndipo m'munda monsemo munthu ndi mmodzi yekha, ali m'kati mwa chimakina. Ndinakumbukira azakhali ku Ngabu akutola ndi manja dzuwa lili pamutu, zala zolasidwalasidwa. Kuno nako zinali choncho. Mu 1944 pa munda wa Hopson, pafupi ndi Clarksdale pompano, anakwanitsa kulima ndi kukolola thonje ndi makina okhaokha, ndipo kuyambira apo manja a anthu anayamba kusowa ntchito, n'chifukwa chake agogo anga aja anakafera ku Indiana kozizira m'malo mwa kwawo.

Ndagona kunja kwa tauni, pamalo ena pamene anasonkhanitsa tinyumba takale ta alimi a thonje, aja ankalima munda wa bwana n'kumagawana naye zokolola, tinene kuti matenanti ngati a m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Malata a dzimbiri, khonde lopendekeka, koma m'kati muli shawa ya madzi otentha. Azungu awiri a ku Netherlands akujambula chilichonse mpaka misomali. Ine ndinaphunzira sukulu molimbika kuti ndithawe nyumba ngati imeneyi, lero ndalipira madola 95 kuti ndigonemo. Tulo tokha ndinagona tabwino, sindinama.

Lachisanu, Clarksdale

Mphambano yotchuka ija ya misewu ya 61 ndi 49, ya nthano yoti woimba blues Robert Johnson anagulitsa mzimu wake kwa satana kuti adziwe gitala, ndadutsapo kanayi lero osaima. Pali magitala abuluu pamwamba pa chitsulo, magalimoto akudutsa, basi.

Ku Delta Blues Museum ndinakhalitsa pa kanyumba ka mitengo ka Muddy Waters, woimba blues wotchuka, kamene anakachotsa ku munda wa Stovall n'kukamanganso m'kati mwa nyumba yosungira zakaleyo. Ndi pakhomo pa kanyumba kameneka pamene Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za makolo, anamujambula mawu koyamba mu 1941. Billy Gibbons wa bandi ya ZZ Top anatenga thabwa la nyumba yomweyi n'kupangitsa gitala yamagetsi, anaitcha Muddywood, kuti ithandize kupeza ndalama za malowa. Thabwa la nyumba ya tenanti. Ndinaima pamenepo mpaka gulu la ana asukulu linandikankha.

M'tauni muno ndaonanso ntchito za Super Chikan, dzina lenileni James Johnson, amene ankayendetsa mathiraki ndipo amapanga magitala ndi zigubu zachitsulo za petulo, kuzipenta mitundu yowala, amazitcha chikantar. Zimenezo ndi zenizeni, za munthu wa konkuno, ndipo zimalira. Mtengo ndinangofunsa ndi maso, envelopu inandiyankha kuti tiye.

Chimene chandipsetsa mtima ndi shopu ina ya zinthu zakale. Pakhoma gitala ya bokosi la ndudu, nsambo zitatu, kapepala akuti ya m'ma 1930, madola 425. Mtima unagunda abale, ndimvekere ndapeza. Ndinapempha kuigwira. Bokosi ndi lakaledi, sitampa ya msonkho wa boma ikadalipo yong'ambika pamene anatsegulira. Koma nditatembenuza, khosi lake losalala ngati tsaya la mwana, lodutsa pa makina, ma screw a nyenyezi onse ofanana, dzimbiri lake lili pamwamba pokha ngati wachita kuwaza, ndipo nditanunkhiza pabowo guluu akumveka. Ndinafunsa kuti bwana, bokosi inde ndi la 1930, nanga gitala? Anandiyang'ana kaye, kenako n'kuseka, akuti iwe ndiwe wa ntchito yanji. Ndimvekere ndimasambitsa nkhalamba, zaka ndimazidziwa ndi manja. Anatsitsa mpaka 300, ndinakana.

Madzulo ndinapeza mnyamata wina akugulitsa zake kumbuyo kwa pikapu, iye sabisa, akuti iyi ndapanga mwezi watha, bokosi ndinatola ku shopu ya fodya, khosi ndi thabwa lotsala pokonza pansi pa nyumba ya apongozi. Nsambo zitatu, yochunidwa G D G, ukangodutsitsa kabotolo imalankhula yokha. 140. Ndinayesa kuchoka, ndinafika mpaka pagalimoto, n'kubwerera. Nambala 8 imeneyo. Madamu sindinawauze.

China chandisangalatsa, pashelufu ya mabuku m'shopu ina ndinaona dzina la Gerhard Kubik, mzungu wa ku Austria wofufuza nyimbo uja anakumana ndi a Daniel ndi a Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka mu 1967 n'kumayenda nawo mpaka kumaimba nawo. Buku lake lokamba za Africa ndi blues linasindikizidwa konkuno ku Mississippi mu 1999. Ndinauza mayi wogulitsa monyada kuti anthu amenewa ndi akwathu, iye akuti oh Mali? Ndinati ayi Malawi. Akuti eya, Mali. Ndinangozisiya.

Chakudya cha usiku hot tamales, sikisi madola 8. Ndi kansima kokulunga m'makoko a chimanga, m'kati muli nyama ya tsabola, kowiritsa m'msuzi wofiira, umadya ndi manja msuzi ukutsikira kuchigongono. Kenako ndinalowa mu juke joint, kwathu tingati shabini, khomo madola 10, magetsi ofiira, mipando yosafanana, woimba ali pafupi moti ukhoza kumuponda phazi. Potuluka cham'ma 12 msewu unali zii, nyumba zambiri zopanda anthu, mawindo okhomedwa matabwa, galimoto ndinaisiya patali. Ndinayenda mwachangu makiyi ali m'manja ndikunena Salimo 23 chamumtima, ndipo galu atakuwa kuseri kwa mpanda ndinathamanga ndithu, musauze munthu.

Loweruka, Tutwiler, Drew, Ruleville

Ndadzuka 6 koloko chifukwa ma yard sale, kaunjika wa pakhomo uja, amachitika Loweruka m'mawa ndipo ukachedwa upeza nsapato za mwendo umodzi. Ndatenga 49 mpaka Tutwiler, mphindi 20 basi. Katauni kake kanatha abale, mashopu otseka, kwatsala njanji ndi zithunzi zojambula pakhoma. Ndi pano pamene W.C. Handy, wopeka nyimbo amene anadzatchukitsa blues, mu 1903, akudikira sitima yochedwa usiku, anamva munthu wovala sanza akuimba gitala pokhwekhwereza mpeni pansambo. Ine ndaima panjanjipo m'makutu mukulira gitala ya hauyani ya a Ndiche Mwalale imene tinkamva pa wailesi ya MBC tili ana. Agogo aja ndinawauza chamumtima kuti ndafika kwanu.

Kumwera pang'ono msewu umadutsa pa ndende ya Parchman, kumene anamangidwapo oimba blues Son House ndi Bukka White. Pali zikwangwani zoletsa kuima. Chiwongolero ndinagwira ndi manja awiri, liwiro lenileni la pachikwangwani, mkodzo utandigwira koma ndinati upirire.

Makomo anayi oyamba palibe, zovala, mbale, mafani, Baibulo lopanda chikuto. Khomo lachisanu, pakati pa Drew ndi Ruleville, panali mayi wachikulire atakhala pampando wa pulasitiki. Nditafotokoza chimene ndikufuna anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako n'kukuwira mchimwene wake kuseri. Anatulukira mdala wa zaka mwina 80, ovolosi, kapusi ya kampani ya mbewu, akupukuta manja.

"Wachokera ku Africa kudzafuna zinyalala?"

"Ndachokera ku Indiana bambo, koma kwathu ndi ku Malawi."

"Konseko n'kutali."

Anandikhazika pakhonde. Akuti mwana wanga, zimene ukufunazo palibe anasunga. Tinkapanga chifukwa tinalibe. Tsiku limene mkulu wanga anagula gitala ya m'katalogu ya sitolo ya Sears ndi ndalama ya thonje, ya bokosi ija tinasonkhezera mbaula madzulo omwewo, ndipo palibe analira. Zimene ukuona m'mashopumo akupanga ndi anyamata a ku koleji. Ndinangoti zoona bambo, dzulo ndaona.

Anakhala chete kanthawi, kenako akuti kwera pikapu. Ndinachita mantha pang'ono, sindikubisa, munthu sindikumudziwa, foni netiweki kadontho kamodzi, kumbuyo kwa mpando kuli mfuti yosakira agwape. Koma ndinakwera. Msewu wafumbi pakati pa minda ya soya, mphindi ngati 10, tinafika pa kanyumba kogwa theka, denga lalowa m'kati, udzu mpaka m'chiuno. Akuti ponda pamene ndikuponda ine, kuli njoka, ndipo usagwedeze chitseko kuli mavu.

Pakhoma la pakhonde anandilozera ndi ndodo. Bowo la msomali limodzi cha m'bondo, lina pamwamba cha paphewa panga, ndipo pakati pake thabwa ladetsedwa ndi manja, mzere wakuda wowongoka. M'munsi pali kadzenje kozungulira ngati mwezi wongooneka kumene, pamene kabotolo kankakanikiza thabwa. Akuti ndinali ndi zaka 9, amayi anandikwapula chifukwa nditachotsa waya tsache lonse linamwazika, koma waya sanandilande. Akuti ukaimba usiku mbale m'kabati zinkanjenjemera, bambo n'kumenya khoma kuchokera m'kati. Ndinaika chala m'kadzenje kaja, kosalala ngati m'kati mwa mtondo.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka pano chikundichititsa manyazi. Ndinafunsa ngati angandigulitse thabwa limenelo, ndili ndi 500 m'thumba, ndikhoza kulizula bwinobwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti nyumbayi si yanga, ndi ya mwini munda, sinakhalepo yathu ngakhale tsiku limodzi. Pobwerera m'galimoto munalibe wolankhula, ine maso pawindo.

Titafika ndimati nditsanzike, iye akuti ukupita kuti, khala apo. Analowa m'shedi, anatuluka ndi thabwa la mpanda wakale lotalika ngati mkono ndi theka, misomali iwiri ikuluikulu, tsache lakale lothothoka, ndi chitini chodzaza timabotolo tabulauni ta fodya wa mphuno amene amayi ake ankafwenkha. Akuti matsache a masiku ano ndi a pulasitiki, alibe nyimbo. Anamasula waya pang'onopang'ono akumuwongola pabondo, kukhoma, kumanga, kulowetsa kabotolo, n'kukagogoda ndi chigwiriro cha hamala kuti kasunthire kumsomali mpaka waya anayamba kulira akangomukhudza. Mphindi 20 sizinakwane. Anagoneka thabwa lija pamwamba pa ndowa yovundikira, dzanja lamanja akumenya waya ndi msomali, lamanzere akutsetsereza kabotolo kena. Poyamba zinalira ngati kamwana ka mbuzi, kenako zala zitakumbukira zinayamba kulira ngati munthu akudandaula m'chipinda china. Mlongo wake anasiya kasitomala ataima n'kubwera akuvina ndi mapewa.

Ndinatulutsa foni, kukwera pa sitepe kuti netiweki igwire, n'kuwaonetsa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay pa YouTube akuimba babatoni, chimtengo chachitali, ng'oma ya chikopa, waya mmodzi, botolo kudzanja lina kamtengo kudzanja lina. Mdala anaonera katatu. Akuti uyu ndi msuweni wanga, ndani anamuphunzitsa? Ndimvekere bambo funso lomwelo ndimafuna ndikufunseni inu.

Ndalama anakana, mpaka anakwiya nditakakamira. M'chikwama ndinali ndi botolo la Nali limene ndimayenda nalo chifukwa zakudya za kuno sizimva tsabola, ndinawapatsa limenelo. Anawerenga dzina, akuti woimba uja amapanganso tsabola? kkkkk. Analawa kunsonga kwa mpeni, anatsokomola mpaka misozi, kenako akuti mlongo wanga bisa ichi adzukulu asachione.

Ku Dockery, munda uja unayamba mu 1895 kumene Patton anakulira, ndinafika dzuwa likulowa, palibe munthu, nyumba za malata ndi udzudzu. Sindinakhalitse. Pobwerera pa 61 mdima utagwa, magetsi abuluu kumbuyo. Mtima unafika pakhosi. Ndinaima, kuyatsa getsi la m'kati, manja pachiwongolero monga timaphunzitsirana. Wapolisi akuti ukuyenda pang'onopang'ono kwambiri, wamwa? Ayi bwana, ndikuopa agwape. Anaunika kumpando wakumbuyo, icho n'chiyani? Gitala bwana. Anaunikanso. Akuti limenelo ndi thabwa. Anandibwezera layisensi akupukusa mutu, ine miyendo inanjenjemera mpaka ku Clarksdale.

Lamulungu

Mayi uja dzulo ananeneratu kuti mawa 11 koloko uli kutchalitchi kwathu, sanafunse ngati ndikufuna. Katchalitchi ka Baptist koyera pakati pa minda, anthu osapitirira 40, azimayi zipewa zikuluzikulu. Mapemphero maola atatu, nde apa sindinadabwe, ndinakulira momwemo. Anandiimiritsa kuti mlendo wochokera ku Africa alankhule, ndinangoti ndathokoza, mawu anandithera, iwo amvekere ameni ngati ndalalikira. Mdala uja sanabwere, mlongo wake akuti amabwera pa maliro pokha.

Titatuluka chakudya m'kaholo kuseri. Mlamba wokazinga wopaka ufa wa chimanga, therere lodula mawilo, masamba ophika ndi nyama ya nkhumba okoma ngati repu, nyemba, ndi cornbread chimene ndi chigumu chopanda nthochi. Ndinawauza kuti zonsezi kwathu timadya, chasowa ndi nsima yokha, mayi wina akuti nsima n'chiyani, nditafotokoza akuti aa grits wouma. Ndinafuna kukana koma ndikaganiza bwino sanalakwe kwenikweni. Tiyi wawo wozizira shuga wake ngati wa pa chinkhoswe. Anandilongedzera mbale ziwiri zokutira, ndipo bambo wina amene sindinamufunse n'komwe anaona kuti tayala lakumbuyo lachepa mpweya, anapopa ndi kamakina kake ine ndikudya.

Masana onse ndakhala pakhonde la kanyumba kanga ka 95 kaja ndikulimbana ndi thabwa. N'zovuta kuposa mmene zimaonekera, palibe chokuuza pamene mawu ali, khutu lokha, ukasuntha pang'ono wasochera. Mzungu wa ku Netherlands uja anabwera kudzajambula, akufunsa ngati ndi lakale. Ndinati thabwa ndi lakale, waya ndi wakale, botolo ndi lakale, gitala ndi ya dzulo. Akuti ndigulitse 200. Ndinakana mwaulemu, ngakhale 200 si yocheza.

Lolemba, kubwerera

M'mawa 7 koloko, kumudzi ili 2 masana, ndinaimba pa WhatsApp ya mlongo wanga kuti andipatsire amayi. Titamaliza za mvula, za feteleza ndi za amene amwalira, ndinafunsa kuti amayi, banjo ya amalume ija ili kuti?

"Iti? Chija ankasokosa nacho pamsika?"

"Chomwecho."

Akuti chitamwalira chimwini chake chinakhala kudenga la kukhitchini zaka zingapo, chikopa makoswe anadya, mtengo wake anasonkhezera moto tsiku lina nkhuni zitanyowa. Ndinangoti hmm. Kenako akuti koma chitini chake chilipo, nkhuku zimamweramo. Ndinadzuka pabedi. Amayi chonde chichotseni, chitsukeni, chisungeni m'nyumba. Anaseka mpaka kutsokomola, ndikumva akuuza mlongo wanga kuti uyu ku America kwamupenga, akufuna chomwera nkhuku. Ndinafunsa ngati mabowo a misomali akuoneka, akuti akuoneka, n'chifukwa chake madzi sakhalitsamo.

Galimoto ndabweza ku Memphis popanda vuto, mu envelopu mwatsala 210. Sitima yakumpoto imanyamuka cham'ma 11 koloko usiku kusatakwana, nde ndakhala pa siteshoni maola anayi ndikudya mlamba wa dzulo wozizira. Thabwa ndalikulunga ndi juzi, ya bokosi ili m'chikwama khosi lili panja. Madamu ndawatumizira chithunzi cha zonse ziwiri, ndalemba kuti inayo si gitala, wapolisi wa boma la Mississippi watsimikiza kuti ndi thabwa. Awerenga, timizere tabuluu tiwiri, sanayankhe.

Panopa tadutsa Newbern, thabwa lili pashelufu pamwamba pa mutu wanga ndipo sitima ikagwedezeka waya uja akumalira yekha pang'ono m'kati mwa juzi, bambo wa pampando wapafupi wayang'ana kumwamba kawiri. Uthenga walowa kuchokera kwa mlongo wanga, kumudzi kwacha kale. Akuti chitini achotsa, chili pansi pa bedi la amayi, koma amayi akuti nditumize ndalama ya beseni latsopano lero lomwe chifukwa nkhuku zilibe pomwera.